Majaji Atatu ndi Mlandu wa Yotamu

Ana inu, ikani mafoniwo pansi. Iwe Wongani, usaponye m'thumba ayi, uike pamphasa pano pamene ndikuiona. Lusubilo, sendeza lichero la nyembalo pakati, manja azisankha makutu akumva. Ndilankhula m'Chichewa chanu cha ku Lilongwe, poti makolo anu anaona ngati Chilambya n'katundu wolemera wosakwera naye basi. Ngakhale "mwaghona" yemweyu, moni wathu, mumamutchula ngati mwaluma tsabola.

Ine lero ndakwiya, ndipo sindibisa. M'mawa muja Wongani wabwera kuchokera kugolosale ya bambo wa ku Ntcheu uja atanyamula shuga ndi mawu. Shuga tamwera tiyi, koma mawuwo andikhala pakhosi mpaka pano. Bamboyo akuti khoti loona za malamulo aakulu a dziko ndi la andale okhaokha, ndipo ntchito ina imene linagwirapo ndi kumasula zigawenga zoyenera chingwe. Wanena zimenezi ukuseka, agogo ako Yotamu, mlongo wanga, ali pampando uwo. Munaona kuti anaika kapu pansi n'kunyamuka osatsanzika? Simunaone, maso anali pamafoni. Mawa ukawapepese, koma uyambe wadziwa chimene ukupepesacho. Anandiuza kale kuti mukadzakula ndidzakufotokozereni ine, poti okha pakamwa sipawalola.

Kwa inu ndi agogo, kwa ine ndi Yotamu basi. Ine ndine woyamba kubadwa, iye chitsiriza. Anabadwa ine ndili kale namwali, ndipo ndinamubereka kumsana popita kuvisoso. Simudziwa visoso, inu ana a feteleza wa m'thumba. Abambo athu ankakwera mitengo n'kusadza nthambi, ife n'kumaziunjika pamodzi. Zikauma ankaziotcha, mvula ikagwa tinkafesa mawere m'phulusamo. Mawere amenewo ndiwo anatilera. Abambo anamwalira Yotamu asanayambe sukulu, ndiye anakulira m'manja mwa amayi, mwana wofatsa, wokonda ng'ombe kuposa anthu. Sukulu anaisiyira sitandade faifi. Chichewa chinkamuvuta, ndipo aphunzitsi a masiku amenewo ankakwapula mwana akalankhula chiyankhulo cha kwawo m'kalasi. Ine ndinapirira zikoti mpaka ndinakhala mphunzitsi. Iye anangoti zikhale, n'kubwerera kung'ombe zake.

Masiku a chipani chimodzi lamulo silinkafunsidwa. Akati mkazi asavale buluku, basi osavala. Iwe Lusubilo ndi jinzi yakoyo ukanagona kupolisi. Akati wopanda khadi la chipani asalowe mumsika, unkabwerera ndi tomato wako pamutu mpaka aolere kunyumba. Ukadandaula kwa ndani? Kunalibe malo oti munthu n'kukaima n'kunena kuti lamulo ili ndi lolakwika. Titavota kuti zipani zichuluke, kunabwera malamulo aakulu atsopano oyendetsera dziko, ndipo timabuku take tinafika mpaka ku Nthalire kumene ndinkaphunzitsa. Ndinkawerengera ana a sitandade eyiti kuti lamulo lililonse lotsutsana ndi bukuli ndi lopanda mphamvu. Ndinkawerenga ngati mmene ndinkawerengera mayina a mitsinje ya maiko akutali, zinthu zoti ana alembe pamayeso. Sindinkadziwa kuti mawu amenewo adzalowa m'nyumba mwathu.

Zinachitika nyengo imene chimanga chimayamba ngaiyaye. Tinali ndi mnansi, dzina lake Edisoni, munda wake unagundana ndi wa amayi cha kumtsinje wa Lufita. Ng'ombe zake zinalowa m'munda mwa amayi kachitatu. Ulendo wachitatuwo amayi anazithamangitsa ndi ndodo, iye n'kuwapeza. Anakangana, anawakankha, atagwa anayamba kuwamenya ndi chikoti cha ng'ombe. Yotamu ankapalira chapafupi. Anathamanga ndi khasu m'manja, n'kumumenya Edisoni kamodzi m'mutu ndi mpini.

Mvetsetsani bwino, chifukwa sindikufuna mudzanene kuti agogo ankaikira kumbuyo mlongo wawo. Yotamu anapha munthu. Edisoni anadzuka n'kuyenda yekha mpaka kwawo, koma tsiku lotsatira anasiya kulankhula. Yotamu yemweyo ndiye anamanga ng'ombe pangolo n'kumutengera kuchipatala ku Boma. Tsiku lachitatu anamwalira, kusiya mkazi wake Namwaka ndi ana anayi. Yotamu atamva, anamasula ng'ombe, anazimwetsa madzi, n'kuyenda wapansi kukadzipereka kupolisi. Anali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri.

Uthenga unandipeza ku Nthalire patapita sabata, pakalata yobwera ndi dalaivala wa lole ya nyemba. Inu mumadandaula foni ikachedwa kulumikiza pang'ono pokha. Kuchoka ku Nthalire kufika kuno nthawi ya dzinja kunali masiku awiri, kukankha galimoto m'matope chitenje chili m'chiuno. Ndinafika maliro atapita kale. Ndipo ndikuuzeni zoona, ngakhale ndikanafika msanga sindikanapita. Tinkaopa.

Anadikira mlandu zaka zitatu ali m'ndende. Kenako jaji wa khoti lalikulu anabwera ku Karonga kudzamva milandu ya kupha, ife n'kutsika ndi amayi pamatola. Msewu wa Karonga umene mwadutsa mukugona m'minibasi uja, nthawi imeneyo unali fumbi ndi miyala. Munthu unkafika uli wofiira ngati nyerere ya pachulu. Loya wa Yotamu anamuona koyamba m'mawa wa tsiku lomwelo, pakhonde, mphindi zochepa. Sindimuda, anali ndi mafayilo mulu m'khwapa. Womasulira anali bambo wodziwa Chitumbuka ndi Chingerezi, Chilambya ankangochitola apa ndi apo. Yotamu ananena kuti, "Ndinamumenya kuti awasiye amayi." Womasulira anauza khoti kuti, "Ndinamumenya chifukwa cha zimene anawachita amayi." Mukumva kusiyana kwake? Mawu oyambawo ndi a munthu woleretsa, achiwiriwo ndi a munthu wobwezera. Ine ndinaimirira.

"Sananene choncho," ndinatero.

"Mayi, khalani pansi, apo ayi mutuluke," anatero wapolisi wa pakhomo.

Ndinakhala pansi. Mpaka lero ndimadzifunsa chimene chinandikhazika.

Anthu wamba khumi ndi awiri amene anasankhidwa kumva mlanduwo anati ndi wolakwa pamlandu wakupha. Jaji anali munthu wamkulu, wa mawu otsika. Anavula magalasi n'kunena kuti lamulo silikumupatsa chilango china choti asankhepo, aliyense wopezeka ndi mlandu umenewu chilango chake n'chimodzi, imfa. Sanafunse zaka za Yotamu. Sanafunse za chikoti, za ngolo, kapena zoti anadzipereka yekha. Osati kuti anali wouma mtima, koma ngakhale akanafunsa, yankho silikanasintha kanthu. Wopha mnzake pomubisalira panjira kuti amulande katundu, ndi mnyamata woleretsa mayi ake, lamulo linkawapatsa chingwe chofanana. Amayi sankamva Chingerezi. Anandikoka chitenje n'kufunsa, "Akuti zaka zingati?" Ndinawayankha titafika panja.

Anamutumiza kundende ya ku Zomba, mbali imene amaitcha kondemu, ya odikira kunyongedwa. Tayang'anani pamapu a m'foni mwanumo pamene pali Chitipa ndi pamene pali Zomba. Dziko lonse lili pakati. Ndinkapita kamodzi pachaka, patchuthi chachitali, masiku atatu panjira. Ndinkanyamula ufa wa mawere, nyemba zouma ndi uchi m'botolo. Anthu ankanditonthoza kuti chibwerere zipani zambiri palibe amene wanyongedwa. Zinali zoona, koma pepala lake linkanenabe chingwe, ndipo palibe ankadziwa kuti wolamulira wa mawa adzaganiza zotani. Yotamu anandiuza kuti akamva makiyi nthawi yosazolowereka, ankangoti tsiku la chingwe lafika. Mafunso ake anali a ng'ombe. "Achemwali, ija ya mawanga inabereka?" Ng'ombeyo tinali titagulitsa kalekale. Ndinkati inabereka.

Tsiku lina masana, ndili mu ofesi ya aphunzitsi ndikuchonga makope, wailesi inanena kuti khoti loona za malamulo aakulu a dziko lagamula kuti lamulo lokakamiza chilango cha imfa n'losemphana ndi malamulo aakuluwo. Mphunzitsi mnzanga anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Nalungwe, mlongo wako watuluka." Nkhani inafika kuno ku Lufita ili choncho, kuti a kondemu onse akumasulidwa. Amayi anapha nkhuku. Anaitana anyamata kudzafolera nyumba ya Yotamu, iwo n'kuizira okha ndi dothi lakuda la kudambo. Tinadikira mwezi, miyezi itatu, osaona munthu.

Ndinapempha tchuthi n'kupita ku Blantyre kukalifuna khotilo. Musaseke. Ndinkaganiza kuti ndi nyumba yakeyake yokhala ndi chikwangwani, yoti ndikagogoda n'kunena kuti mwaiwala mlongo wanga. Ndinazungulira pakhoti lalikulu m'mawa wonse ndikuwerenga zitseko. Kenako kalaliki wina wa imvi, amene ankadya chinangwa chootcha pabenchi, anandifunsa chimene ndikufuna. Nditamuuza anasendera kuti ndikhale.

"Amayi, nyumba yolembedwa choncho kulibe," anatero. "Ndi majaji omwewa a khoti lalikulu. Mlandu wamba, jaji mmodzi amakwana. Koma munthu akabwera n'kudandaula kuti lamulo lenilenilo likuphwanya malamulo aakulu a dziko, mkulu wa majaji onse amayamba waona ngati nkhaniyo ilidi yotero. Akavomera, amasaina, ndiye pamakhala majaji osachepera atatu kuimva limodzi. Akamaliza, aliyense amabwerera kumilandu yake ya masiku onse."

"Atatu chifukwa chiyani?" ndinafunsa.

"Chifukwa amene akuzengedwa pamenepo si munthu, ndi lamulo lopangidwa ndi aphungu ku nyumba ya malamulo. Kugwetsa chinthu chotero si ntchito yoti mutu umodzi uisenze. Ndipo wosakhutira amatha kupita kukhoti la apilo, lomwe lili pamwamba pawo."

"Ndiye mlongo wanga amumasula kapena ayi?"

"Sanamasule munthu. Sananenenso kuti chilango cha imfa chatha. Anena kuti munthu asapatsidwe chilango asanamvedwe, ndipo jaji akhale ndi ufulu woyeza mlandu uliwonse pawokha. Mlongo wanu ayenera kukaonekeranso kwa jaji mmodzi, amve zonse zimene sizinamvedwe, n'kumupatsa chilango chomuyenera."

"Liti?"

Bamboyo anayang'ana chinangwa chake. "Pamenepo ndiye sindingakunamizeni," anatero.

Ndinamuthokoza kuti yewo, iye n'kuseka, akuti anagwirako ntchito ku Mzuzu. M'basi pobwerera ndinali ndi mitima iwiri. Wina unkati taonani, mawu aja ndinkawerengera ana a sitandade eyiti ali ndi mano, agwetsa lamulo limene linakhalapo ine ndisanabadwe. Anthu amene anakadandaula anali akaidi, opanda nsapato, ndipo majaji atatu anakhala pansi kuwamvetsera, boma n'kumayankha mafunso ngati wina aliyense. Nthawi ya makadi ija zimenezi ukanangozilota ukanadzuka uli m'galimoto ya polisi. Mtima winawo unkawira. Lamulo lagwa, koma munthu ali m'chipinda chomwecho, pamphasa yomweyo.

Ana inu, apa ndi pamene pamandipweteka. Mwana wobadwa chaka chimene majaji aja anagamula anayamba kuyenda, anayamba sukulu, anafika pochotsa mano, Yotamu akadali kukondemu. Ndinalemba makalata mpaka cholembera chinandidziwa. Kwina ankati fayilo yake ili kumpoto, kumpoto ankati inapita kummwera. Kenako anangoti yasowa. Moyo wa munthu unali m'chikuto cha pepala, ndipo chikutocho palibe ankadziwa kumene chili. Khoti linagwira ntchito yake, koma chigamulo sichiyenda chokha, chimafuna anthu ochinyamula, ndipo onyamulawo ankangolozerana.

Chaka chilichonse tikakolola, amayi ankazira nyumba ija. Maso atayamba kuchita khungu ankazira chopapasa. Ndinkawauza kuti, "Amayi, dikirani timve kaye tsiku." Iwo ankati, "Akadzafika mwadzidzidzi adzagona pafumbi?" Anaizira kasanu ndi kamodzi. Chaka chachisanu ndi chiwiri anadwala chifuwa nthawi yozizira, sanadzukenso. Ndinakamuuza Yotamu ndekha, poti nkhani yotero sitiika m'kalata. Anangofunsa kuti tinawaika pafupi ndi abambo kapena ayi. Wongani, pamene bambo wa golosale uja akuti khoti linafulumira kumasula zigawenga, kufulumira kwake n'kumeneko.

Nditapuma ntchito n'kubwerera kuno, kunafika mayi wina wa ku Dedza, a Nabanda, wothandiza maloya. Anatsika panjinga yamoto atamanga mpango kumutu, fumbi mpaka m'nsidze, n'kupereka moni wa Chitumbuka wokhotakhota umene anaphunzira panjira. Anati milandu ija yayamba kumvedwanso, ndipo poti fayilo inasowa, ayenera kusonkhanitsa nkhani yonse kuchokera kwa anthu amene analipo. Anakhala masiku anayi. Analankhula ndi amene anaona ng'ombe m'munda, ndi amene anathandiza kukweza Edisoni pangolo. Anandifunsa za ubwana wa Yotamu, zinthu zimene palibe munthu wa boma anandifunsapo. Ndinamasulira ndine, ndipo liwu lililonse ndinkalibwereza kawiri. Tsiku lachinayi anatseka kope n'kundiyang'ana.

"Kwatsala mkazi wa malemu," anatero.

"Kumeneko sindingapite," ndinayankha. "Zaka zonsezi tikakumana pachigayo amayang'ana kumbali."

"Jaji ayenera kumva mbali zonse, amayi. Akakana, akane yekha. Tisamukanire ife."

Tinapita. Tinampeza Namwaka akuyanika chinangwa pathandala. Anali atakalamba kuposa ine, chonsecho ndine wamkulu. Ana anayi aja anawalera ndi mowa wa chipumu ndi tomato wokagulitsa kumalire. Sanatiyalire mphasa.

"Mwadzatani, aphunzitsi?" anafunsa. "Pamaliro simunabwere."

"Tinkaopa," ndinatero.

"Munkaopa. Ine nthawi ya mantha ndinalibe, ndinali ndi ana oti adye."

A Nabanda analankhula mofatsa, ine n'kumamasulira. Anati sitinabwere kudzapempha kuti anene zabwino za Yotamu. Jaji akufuna zoona, ngakhale zowawa, ndipo chilichonse chimene anene chikawerengedwa m'khoti mmene wachinenera. Namwaka anasiya chinangwa.

"Ulendo woyamba uja palibe anandifunsa," anatero. "Ndinangomva kumsika kuti mlandu watha."

Analowa m'nyumba n'kutulutsa mphasa. Analankhula mpaka dzuwa linapendeka. Ananena za mwana wake wamkulu amene anasiya sukulu kuti aziweta ng'ombe za bambo ake, za chaka chimene denga linagwa popanda mwamuna wolikonza, za wamng'ono amene sadziwa nkhope ya bambo ake. Ine ndinamasulira zonse, mawu akundibaya, osachotsapo ngakhale limodzi. Ndinali nditaona kale zimene womasulira amachita akadumpha mawu. Kenako ananena chimene sindinkayembekezera. Anati Edisoni analidi wa dzanja lofulumira, ndipo chikoti chimene anamenyera amayi nayenso ankachidziwa pamsana pake. Anati usiku wa kuchipatala Yotamu sanachoke pakhomo la wodi.

"Lembani kuti zaka zimene wakhalazo zakwana," anatero. "Sindikuti ndakhululuka, musalembe zimenezo. Ndikuti zakwana. Koma lembaninso kuti akabwera sindikufuna kumuona akudutsa pakhomo panga."

A Nabanda anamuuza moona kuti alemba, koma jaji sangalamule za njira imene munthu azidutsa kumudzi.

"Ndiye mukamuuze nokha, aphunzitsi," anatero Namwaka akuyang'ana ine.

Mlandu unamvedwa ku Zomba, pamaso pa jaji mmodzi, monga anandiuzira kalaliki uja. Anali mayi. Ndinakhala kumbuyo ndikumuyang'ana, ndikukumbukira masiku amene mkazi sankaloledwa ngakhale buluku. Anamva za zaka za Yotamu, za chikoti, za mpini umodzi, za ngolo. Anamva kuti m'ndende anaphunzira kusoka ndipo sanapalamulepo. Mawu a Namwaka anawerengedwa onse, owawa ndi enawo. Loya wa boma naye analankhula, anakumbutsa khoti kuti munthu anafa, ndipo ine sindinamukwiyire, chifukwa zinali zoona. Jaji sananene kuti Yotamu ndi wosalakwa. Anati mlandu ndi waukulu, moyo unatayika, ana anakula opanda bambo. Koma anati poyeza zonse, chilango choyenera ndi zaka zimene zinali zitakwana kale, ndipo atuluke tsiku lomwelo. Yotamu sanamve bwino. Anatembenuka kundiyang'ana, ine n'kumuuza m'Chilambya mokweza, khoti lonse likumva. Ulendo uno palibe anandiuza kuti ndikhale pansi.

Analowa ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, anatuluka ali ndi makumi anayi, imvi zili mbuu, bondo limodzi litauma. Titadutsa Karonga anayamba kusuzumira pawindo, n'kundifunsa ngati takwera galimoto yolondola, poti msewu wa tala sankaudziwa. Titafika anayamba kumanda, kenako kunyumba ija. Denga linali litabooka, koma dothi lomaliza limene amayi anazira linali likuonekabe m'makona, ndi mizere ya zala zawo.

Tsono munthu woyeza shuga pasikelo aziti khotilo ndi la andale okhaokha? Iye amalimva pawailesi pokhapokha akuluakulu akamakanganirana mipando, ndiye akuganiza kuti ntchito yake ndi yomweyo. Yotamu anali wandale? Sanavotepo n'kamodzi komwe mpaka atatuluka. Ndipo amene amafuula kuti majaji azingotsata zimene anthu ambiri akufuna, ndimafuna ndiwafunse kuti tsiku limene anthu ambiriwo adzafune mutu wa mwana wawo, adzathawira kuti? Ine mkwiyo wanga suli pa majaji atatu aja. Uli pa lamulo limene linakhala zaka zonsezo popanda wolifunsa, pa anthu amene anagona pachigamulo mpaka amayi anapita osamuona mwana wawo, ndi pa pakamwa potha kuseka zinthu zimene sipakuzidziwa. Iwe Lusubilo ukuti ukufuna kuphunzira zamalamulo. Ukadzakhala mu ofesi, fayilo ya munthu wa ku Chitipa usadzaiike pansi pa mulu chifukwa kwawo n'kutali ndipo sabwera kudzakuvutitsa.

Mawu a Namwaka ndinamuuza Yotamu tsiku lachiwiri atafika. Anangogwedeza mutu. Mukudziwa kanjira kachidule kochoka pano kupita kumsika, kamene inu mumathamangamo mphindi khumi? Kamadutsa pakhomo pa Namwaka. Kuyambira tsiku limenelo Yotamu amazungulira kumsewu waukulu, pafupifupi ola lathunthu ndi bondo lakelo, mvula kaya dzuwa, nsalu za makasitomala amene amawasokera zili paphewa. Anthu obwera amaona ngati mutu wake suyenda bwino.

Namwaka anamwalira chaka chapitacho. Pamaliro ake ndinapita, ndinagona konko masiku onse. Yotamu anatumiza nkhuni ngolo yodzaza, iye n'kuima patali kumsewu, chipewa chili m'manja. Patapita mwezi, mwana wamkulu wa Namwaka, uja anasiya sukulu, anabwera kuno yekha. Anakhala pakhonde pomwe mwakhala inupo n'kunena kuti, "Bambo, amayi apita. Bondo lanulo tikuliona. Muzidutsa, ife tilibe nanu mawu."

Yotamu anathokoza. Anati ndagha, kawiri, n'kumuperekeza mpaka pamphambano. M'mawa mwake ndinamuona atanyamula nsalu zake, akulowera kumsewu waukulu monga mwa masiku onse. Ndinamuitana n'kumufunsa ngati sanamve zimene mwana uja ananena.

"Ndamva, achemwali," anatero. "Koma mwini mawu sanandiuze kuti mpaka liti."